Mbendera yoyera ikakwera, tulukani m'madzi

Ndinakulira ku Nkhata Bay, ndiye nkhani ya kusambira sindinkafuna kuuzidwa ndi munthu. Koma tsiku langa loyamba m'nyanja yamchere ku Muizenberg, mumzinda wa Cape Town, linandichotsa matama. Madzi atangondifika m'chiuno, sailini inalira. Anthu onse anayamba kutuluka, ine ndili chilili. Mayi ena anachita kundikuwira kuti: "Tulukani achimwene, aona shaki!"

Amene anaiona anali pamwamba pa phiri. Kuyambira mu 2004, bungwe la Shark Spotters limaika anthu pamalo okwera kuti aziyang'ana m'madzi. Akaona shaki amadziwitsa anzawo kugombe pa wailesi, ndipo uthenga umafika kwa osambira kudzera pa mbendera. Yobiriwira ikutanthauza kuti m'madzi mukuoneka bwino. Yakuda, sakutha kuona bwinobwino. Yofiira ndi chenjezo lalikulu. Yoyera, pamodzi ndi sailini ija, ndiye kuti shaki ili pompo. Ine mbenderazo ndinkaziyesa zokongoletsa gombe.

Ku Durban njira yake ndi ina. Kumeneko anayamba kutchera maukonde mu 1952, ndipo lero ntchitoyi ili m'manja mwa KwaZulu-Natal Sharks Board. Koma ukonde si mpanda. Shaki ikhoza kudutsa pansi kapena m'mbali, komanso maukondewo amakola akamba ndi nyama zina zosalakwa. Mu June ndi July, timagulu ta nsomba za sadini tikamadutsa, maukonde ambiri amachotsedwa ndipo magombe ena amatsekedwa.

Mwina munaonapo pa YouTube kanema wa Mick Fanning, katswiri woseweretsa mafunde, akulimbana ndi shaki ku Jeffreys Bay mu 2015. Anapulumuka osavulala, koma makanema otere amatisokoneza. Zoona zake n'zakuti padziko lonse, anthu ofa ataputidwa ndi shaki kawirikawiri sapitirira 10 pachaka. Chimene chimamaliza anthu ambiri kugombe ndi madzi amene amabwerera pakati pa nyanja mwamphamvu. Akakukoka, usalimbane nawo. Yandama, kweza dzanja, kenako sambira chammbali motsatira gombe.

Ndiye abale anga a ku Joni, December akafika n'kumati tiyeni kubichi, sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pomwe pali opulumutsa anthu. Pewani mbandakucha, chisisira, madzi amatope ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja. Mbalame zikamagwera m'madzi pamalo amodzi, pali nsomba, ndipo pali nsomba pakhoza kukhala shaki. Musasambire nokha, kapena mutalawa.

Kwathu sitilowa padooko pomwe akulu anena kuti pali ng'ona. Masiku ano ndikafika ku Muizenberg, ndisanatulutse foni yojambulira, ndimayamba ndayang'ana mbendera.