Tithamange m'mapiri osasocera

Ana inu, dziko lathu la Angónia ndi la mapiri ndi zitunda. Njira zathu zimakwera, zimatsika, zimakhotakhota. Mwana wa kuno amakwera citunda tsiku lililonse: popita ku sukulu, pokatunga madzi, pokadyetsa mbuzi. Miyendo yake imalimba msanga. Koma miyendo siidziwa njira. Njira imadziwika ndi maso ndi mutu.

Alipo masewera ophunzitsa zonse ziwiri. Pa Cipwitikizi dzina lake ndi orientação. Wothamanga amapatsidwa mapu ndi kampasi. Amalowa m'thengo kukafuna timbendera tobisika, toyera mbali ina, mbali ina ngati lalanje. Wopeza tonse msanga ndiye wapambana. Mpikisano woyamba wa anthu onse unacitika ku Norway mu 1897. Ife pa sukulu pano kampasi tilibe. Tili ndi dzuwa ndi mapiri.

Tiyambe ndi dzuwa. M'mawa imani pa bwalo. Lozani dzanja lamanja kumene dzuwa latulukira. Uko ndi kum'mawa. Dzanja lamanzere likuloza kumadzulo. Kumene mwayang'ana ndi kumpoto. Kumbuyo kwanu ndi kum'mwera.

Tsopano onani mthunzi wanu. M'mawa ndi wautali, ndipo umaloza kumadzulo. Dzuwa likapendeka, umatembenukira kum'mawa. Mu Juni ndi Julayi, miyezi ya cisanu, mthunzi wa masana umaloza kum'mwera. Zikani kamtengo pansi, muone nokha.

Mapiri nawo sasuntha. Phiri la Domwe ndi lalitali kuposa mamita 2000. Limaoneka kutali. Munthu akakhala ku Ulongwe, Dedza ali kumpoto. Pamudzi panu pamaoneka phiri liti? Mukamapita ku sukulu, limakhala kumanja kapena kumanzere? Ngati popita lili kumanja, pobwerera likhale kumanzere.

Mapu athu oyamba timajambula pa dothi ndi kamtengo. Mwala uwu ndi sukulu. Mzere uwu ndi mtsinje. Citsononkho ici ndi mtengo wa bulugama uja. Kenaka ine ndimakabisa kansalu pa malo amodzi, n'kuwaonetsa pa mapu. Ana amapita awiriawiri kukakafuna. Othamanga kwambiri kawirikawiri amakapitirira. Amene amayamba aima, n'kuyang'ana bwino, ndiwo amabwera nako.

Werenganinso mapazi. Kucoka pa khomo la sukulu kukafika pa mjigo ndi mapazi angati? Pokwera mapazi amacuruka, cifukwa timaponda pafupipafupi.

Nanga kuthamanga? Yambani ndi kuyenda, thupi lifunde. Kenaka thamangani pang'onopang'ono, moti mukhoza kulankhula ndi mnzanu. Mpweya ukathera, yendani. Palibe manyazi. Pokwera pondani pafupipafupi, manja azigwira nchito. Potsika ndi pamene ana ambiri amagwa, makamaka pa dothi lofiira mvula ikagwa. Musalumphe. Maso ayang'ane pamene phazi likupita. Lero thamangani, mawa pumani. Pang'ono masiku ambiri ndi bwino kuposa mtunda wautali tsiku limodzi. Mukabwerako imwani madzi.

Akulu amathamanga mitunda yaitali. Ku Malawi, pa phiri la Mulanje, kuli mpikisano wa Porters Race. Amakwera phiri n'kutsika, makilomita oposa 20. Ndipo Maria Mutola, mwana wa Moçambique, anapambana mamita 800 pa masewera a Olimpiki ku Sydney mu 2000. Inu mukadali ang'ono. Kuzungulira bwalo kawiri kapena katatu kwakwana.

Tsopano mverani bwino. Nthawi ya cisanu nkhungu imatsika m'mapiri. Dzuwa limabisika. Phiri limasowa. Njira zonse zimafanana. Mukaona kuti mwasocera, imani pomwepo. Musathamange. Mwana wothamanga ndi mantha amapita kutali, ndipo omufuna amavutika. Khalani pa malo oonekera. Itanani mokweza, mupume, mumvetsere, muitanenso. Mtsinje wodzaza musawoloke, ngakhale kwanu kukuoneka tsidya lija.

Kwa makolo

Amayi ndi abambo, masewerawa safuna ndalama. Ena mumati mwana akungotaya nthawi. Koma ndi mwana yemweyo amene mumamutuma kudimba, kucigayo ndi kubusa. Mukamayenda naye, muuzeni maina a mitsinje, a mapiri ndi a midzi. Nthawi zina mutembenuzeni aone njira kumbuyo, cifukwa pobwerera imaoneka mwina. Kenaka msiyeni atsogole, inu pambuyo.

Agogo ambiri kuno anayenda m'mapiri awa usiku nthawi ya nkhondo, pothawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992. Mapu analibe. Njira zimenezo amazidziwa kuposa ine amene ndinaziphunzira m'buku. Aloleni akhale ndi adzukulu madzulo, awafotokozere mmene ankadziwira kolowera.

Mwana adziwe dzina la mudzi wake, la amfumu ndi la makolo ake. Asapite kuphiri yekha, ndipo pocoka anene kumene akupita. Mawa m'mawa asananyamuke, mufunseni kuti kum'mawa ndi kuti. Aloze ndi dzanja lamanja.