Batire la Ndege Yanu Likatupa, Musalitchajenso

Ndege zing'onozing'ono zoulutsa ndi limoti zambiri zimagwiritsa ntchito batire la LiPo, chifukwa ndi lopepuka koma limasunga mphamvu zambiri. Kungoti batire limeneli silifuna chibwana.

M'kati mwake muli maselo. Selo lililonse likadzaza limafika pa mavolti 4.2, ndiye batire lolembedwa 3S, la maselo atatu, limadzaza pa 12.6. Mukapyola malire amenewa, mankhwala a m'kati amayamba kuwonongeka n'kumatulutsa mpweya. Batire limatupa, mwinanso kugwira moto. Kulitheratu mphamvu nakonso n'koipa: selo lisatsike pansi pa mavolti 3.0.

N'chifukwa chake mufunika tchaja ya LiPo yomwe imayeza selo lililonse palokha. Batire la 2200 mAh litchajeni pa ma ampu 2.2 basi, pa simenti, inu muli pomwepo. Ngati simuulutsa kwa masiku angapo, lisungeni pa mavolti 3.8 selo lililonse.

Lotupa kapena lophwanyika ndege itagwa, lisintheni, ndipo musaliboole. Latsopanolo lifanane ndi lakale mavolti ndi kulemera kwake. Lolemera kwambiri limasuntha pakati pa kulemera kwa ndege, ndiye imavuta kuiwongolera m'mwamba.