Kampaniyo mwaifufuza? Zomwe intaneti ingakuuzeni musanatumize ndalama

Mu Okutobala 2022 Amalawi anagwira pakamwa atamva kuti K750 miliyoni ya boma, yomwe pa nthawiyo inali madola pafupifupi 725,000 a ku America, inapita ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods Limited pa nkhani yogula feteleza wa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP. Thumba ngakhale limodzi silinafike. Chomwe chinawawa kwambiri chinali kumva kuti kampaniyo malonda ake ndi a nyama ndi zakudya. M'maminibasi, pa wailesi ndi pa Facebook anthu ankangoti boma lakagula feteleza ku butchala. Mwezi womwewo usanathe, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anachotsa nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, pamodzi ndi wachiwiri wawo. Pambuyo pake boma linalengeza kuti ndalamazo zatsatidwa, ndipo gawo lalikulu linapezeka ku Germany.

Nkhaniyi inakambidwa kwambiri ngati ya ndale, koma ili ndi mbali ina yokhudza aliyense wochita malonda, kaya ndi bambo woitanitsa galimoto ku Japan kaya ndi mayi wooda nsapato ku China. Kampani iliyonse yolembetsedwa ku Britain ili m'kaundula wa boma wotchedwa Companies House, ndipo kuyambira mu 2015 munthu aliyense padziko lapansi angathe kuwerenga mbiri ya makampani oposa 5 miliyoni pa intaneti osalipira kalikonse. Sipafunika loya, sipafunika kudziwana ndi bwana wina wake. Foni ya m'manja ndi kabandulo kochepa nzokwanira.

Tiyeni tione bwino zomwe zimatuluka munthu akalemba dzina la kampani m'kaundulayu, pakuti wodziwa kuwerenga uyu savutika ndi akaundula a mayiko ena. Tsamba loyamba limasonyeza nambala ya kampani, tsiku lomwe inalembetsedwa, adiresi ya ofesi yake, ngati ikadalipo kapena inathetsedwa, ndiponso mtundu wa malonda omwe eni ake anauza boma kuti amachita. Mtundu wa malondawu umalembedwa ndi nambala yotchedwa SIC, ndipo pambali pake pamakhala mawu oufotokoza. Nkhani zambiri zimathera pomwepa. Ngati wina wakulonjezani mankhwala a m'chipatala koma kaundula akuti iye ndi wokonza galimoto, ndiye kuti pali funso lofunika kuyankhidwa ndalama isanachoke ku banki. Lamulo silimuletsa kuchita malonda ena, inde, koma akuuzeni kuti anayamba liti ndipo anagulitsapo kwa yani.

Chuma chenicheni chili pa tsamba lachiwiri, pomwe pamasungidwa zikalata zonse zomwe kampani inapereka ku boma chiyambire. Pali malipoti a zachuma a chaka ndi chaka, ndipo munthu angathe kuwatsegula n'kuwerenga. Musaope manambala. Funso ndi limodzi: kodi kampani yomwe ikulonjeza katundu wa mabiliyoni ili ndi chuma chochuluka bwanji? Pali makampani ena omwe lipoti lawo lonse ndi tsamba limodzi losonyeza kuti ali ndi mapaundi 100 okha. Ena amalemba okha kuti ndi dormant, kutanthauza kuti chaka chonse sanagule kapena kugulitsa kanthu. Ena anachedwa kupereka malipoti ndipo kaundula waika chenjezo poyera, mwinanso chidziwitso chakuti boma likufuna kuwafufuta. Pomwepo mumaonanso ngati kampani inasinthapo dzina. Kampani yomwe yasintha dzina katatu m'zaka ziwiri iyenera kukhala ndi chifukwa chomveka.

Kenaka pali anthu. Kaundula amatchula madayilekitala onse, akale ndi atsopano, dziko lawo, mwezi ndi chaka chomwe anabadwa. Mukadina dzina la mmodzi, mumaona makampani ena omwe iye akuyendetsa kapena anayendetsapo, ndi momwe anathera. Munthu amene m'mbuyo mwake muli makampani khumi omwe onse anafa asanakwanitse zaka ziwiri wadziulula yekha. Kuyambira mu 2016 makampani a ku Britain amalamulidwanso kutchula mwini weniweni, ndiye kuti aliyense amene ali ndi masheya oposa 25 pa 100 alionse kapena amene ali ndi mphamvu yaikulu pa kayendetsedwe ka kampani. Adiresi nayo ndi mboni yabwino. Ikopereni pa Google Maps, muone ngati pamalopo pali fakitale, nyumba yogona kapena kaofesi kongolandirira makalata a makampani mazanamazana.

Koma apa mpofunika kusamala, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Kupezeka m'kaundula si umboni wakuti kampani ndi yokhulupirika. Kwa zaka zambiri Companies House inkangolandira zomwe anthu alemba, osafufuza ngati nzoona, ndipo kulembetsa kampani pa intaneti kunali mapaundi 12 okha mpaka mu 2024. Wamalonda wina wa ku Britain, Kevin Brewer, atatopa ndi kudandaula za vutoli, analembetsa kampani mu 2013 n'kuikapo dzina la Vince Cable, yemwe anali nduna yoona zamalonda, mwini wake osadziwa. Mu 2016 anachitanso chimodzimodzi ndi dzina la phungu James Cleverly. Ulendo uliwonse ankadziulula yekha kuti akuluakulu aone kuti khomo lili pululu. M'malo motseka khomolo, boma linamutengera iyeyo kukhoti, ndipo mu 2018 analamulidwa kulipira mapaundi oposa 12,000. Zinthu zinayamba kusintha ndi lamulo la 2023 lolimbana ndi milandu ya zachuma, ndipo lamulo lakuti madayilekitala azitsimikizira kuti iwo ndi ndani linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2025.

Choncho munthu akakutumizirani satifiketi ya kampani pa WhatsApp, yokhala ndi chidindo chokongola cha boma la Britain, dziwani kuti pepalalo likungotsimikiza kuti wina wake analipira kandalama kolembetsera. Ife kuno timalemekeza kwambiri pepala lokhala ndi chidindo, makamaka lochokera kunja, ndipo akathyali amadziwa zimenezi bwino lomwe. Kaundula ndi wamphamvu pogwira bodza kusiyana ndi potsimikiza chilungamo: amakuonetsani pomwe zonena za munthu zikusemphana ndi zomwe iye mwini analembetsa.

Mayiko omwe Amalawi amachita nawo malonda kwambiri alinso ndi akaundula awo. Ku South Africa kuli CIPC, ku Zambia kuli PACRA. Ku China kampani iliyonse yovomerezeka ili ndi nambala ya zilembo ndi manambala 18, ndipo dzina lake lalamulo ndi la Chitchaina. Dzina la Chingerezi lomwe mumaona pa Alibaba kapena pa invoisi lingakhale longodzipatsa. Wooda katundu apemphe chithunzi cha laisensi ya bizinesi, atenge nambalayo n'kuifufuza m'kaundula wa boma la China, mothandizidwa ndi Google Translate. Ku Japan bungwe lotolera misonkho limapatsa kampani iliyonse nambala ya manambala 13 ndipo lili ndi tsamba lofufuzirapo, pomwe bungwe la ogulitsa galimoto zakale kunja la JUMVEA limasindikiza mayina a mamembala ake. Ngati simukudziwa dziko lomwe kampani inalembetsedwa, yambirani pa OpenCorporates, tsamba lomwe linayamba ku London mu 2010 ndipo lasonkhanitsa makampani oposa 200 miliyoni kuchokera m'akaundula a maboma osiyanasiyana. Makampani ogulitsa masheya ku America amapereka malipoti awo ku bungwe la SEC, ndipo onse amapezeka mwaulere pa EDGAR. Lipoti la pachaka lotchedwa 10-K lili ndi gawo lomwe kampani imakakamizidwa kufotokoza zoopsa zomwe ikukumana nazo, ngongole ndi milandu ya kukhoti, zinthu zomwe simudzazipeza pa chikwangwani cha malonda.

Webusaiti ya kampani ndiyo yosavuta kunamizira kuposa zonse. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba looneka bwino, lokhala ndi zithunzi za sitima zapamadzi ndi anthu ovala masuti, lingapangidwe madzulo amodzi. Mwamwayi nalonso limasiya mapazi. Pa tsamba la ICANN Lookup mungalembe adiresi ya webusaiti n'kuona tsiku lomwe inalembetsedwa; mayina a eni ake nthawi zambiri amabisidwa masiku ano, koma tsikulo limaoneka. Kampani yonena kuti yatumikira makasitomala kwa zaka 20 pomwe webusaiti yake ili ndi miyezi inayi ifunsidwe bwinobwino. Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive lomwe lakhala likusunga masamba a pa intaneti kuyambira mu 1996, imakuonetsani momwe tsamba linkaonekera kale. Mwina lomwe lero likugulitsa mathirakitala chaka chatha linkagulitsa mafuta odzola. Zithunzi za "fakitale yathu" kapena za "bwana wathu wamkulu" ziikeni pa Google Lens, muone ngati sizinabedwe kwina.

Ngakhale Google yeniyeniyo ambiri sitiigwiritsa ntchito mokwanira. Dzina la kampani mukalitsekera m'zizindikiro zogwira mawu, Google imafufuza mawuwo monga momwe alili, osawamwaza. Onjezanipo mawu a Chingerezi monga scam, fraud kapena court, muone zomwe zituluke. Chitani chimodzimodzi ndi nambala ya foni, adiresi ya imelo ndi nambala ya akaunti ya ku banki. Ndipo yang'anitsitsani kalembedwe ka adiresi ya webusaiti, chifukwa mbava zimatengera tsamba la kampani yodziwika n'kusintha chilembo chimodzi chokha. Chenjezo lalikulu kuposa onse ndi ili: ngati dzina la pa akaunti yolandirira ndalama likusiyana ndi dzina la kampani yomwe mwafufuza, kapena akauntiyo ili m'dziko lina, imani kaye. Imbani foni pa nambala yomwe mwaipeza nokha, osati yomwe ili pa invoisi.

Kwa atolankhani ndi ogula katundu wa boma kuli zida zina zozama. Bungwe la atolankhani ofufuza la ICIJ lili ndi nkhokwe ya Offshore Leaks, momwe muli makampani ndi mabungwe oposa 800,000 olembetsedwa m'mayiko obisa chuma, ochokera m'zikalata monga Panama Papers za 2016 ndi Pandora Papers za 2021. Kupezekamo si mlandu, ndipo a ICIJ eni ake amanena zimenezi poyera, koma kumathandiza kulumikiza mayina. World Bank nayo imasindikiza mayina a makampani omwe inawaletsa kupikisana nawo pa ntchito zake chifukwa cha chinyengo kapena ziphuphu. Ofesala wogula katundu wa boma amene sanatsegulepo mndandanda umenewu ali ndi ntchito yomwe sanaimalize.

Masiku ano ambiri akungofunsa ChatGPT ndi anzake kuti, kodi kampani yakutiyakuti ndi yeniyeni? Zida zimenezi nzothandiza pomasulira chikalata cha Chitchaina kapena pofotokoza mawu ovuta a m'lipoti la zachuma, koma zimatha kupeka yankho n'kulinena molimba mtima ngati loona. Zikuthandizeni kudziwa kofufuza, koma chikalata chenichenicho mukachione ndi maso anu.

Nanga kuno kwathu? Makampani omwe ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, womwe kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996, amasindikiza malipoti awo a zachuma, ndipo wofuna kudziwa za National Bank, Press Corporation, Illovo, TNM kapena Airtel Malawi sasowa powerenga. Reserve Bank of Malawi ndiyo imapereka ziphaso kwa mabanki, makampani a inshuwalansi ndi obwereketsa ndalama, choncho wina akabwera ndi lonjezo lakuti ndalama zanu zibereka kawiri pamwezi, funsani kumeneko ngati akumudziwa. Wogulitsa katundu ku boma ayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA, ndipo wamalonda weniweni sachita mantha kukuonetsani nambala yake ya msonkho (TPIN) ya ku MRA. Makampani amalembetsedwa ku boma motsata lamulo la makampani la 2013, ndipo kulembetsako tsopano kumatheka pa intaneti.

Koma tinene chilungamo: makampani a pa msika wa masheya ndi ochepa kwambiri, ndipo si amene amasowetsa anthu mtendere. Ovuta ndi timakampani tomwe timabadwa mwezi uno, mwezi wamawa tapata kontilakiti ya boma; ogulitsa mapuloti kwa abale athu a ku Johannesburg ndi ku Leeds omwe sangabwere kudzaona malowo; olonjeza achinyamata ntchito kunja atalipira kaye. Nzomvetsa chisoni kuti munthu wokhala ku Mchinji angadziwe msanga mwini wa kampani ya ku Manchester kusiyana ndi mwini wa kampani yomwe ikukonza msewu wodutsa pakhomo pake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, koma kulemba kalata n'kudikira yankho si chimodzimodzi ndi kulemba dzina pa foni n'kuona madayilekitala nthawi yomweyo. Zomwe zikufunika si zachilendo: dzina la kampani, tsiku lolembetsa, madayilekitala, eni ake enieni ndi malipoti a pachaka, zonse poyera ndi mwaulere, kenaka PPDA izilumikiza kontilakiti iliyonse ya boma ku nambala ya kampani yomwe yaipata. Zambiri mwa zikalatazi boma lili nazo kale, poti makampani amalamulidwa kuzipereka.