Kakompyuta Kochepa Ngati Buku: Musanalipire, Funsani Izi

Mchemwali wanga atatsegula kashopu kotayipa makalata ndi kusindikiza ma CV, anandituma kuti ndimugulire kompyuta. Ine ndi matama a digiri, ndinathamangira yotchipa yomwe ndinaiona pa Facebook. Abale inu! Ukadina Word, umatha kukatereka tiyi n'kubwerako isanatsegule. Makasitomala ankangobwerera pakhomo, ndalama ya lendi osaoneka.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndafufuza. Tinagula kakompyuta kakaunjika kochepa ngati buku, kobisika kuseri kwa sikirini. Mitundu ngati Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini ndi Lenovo ThinkCentre Tiny anaipangira ntchito za muofesi: Word, Excel, imelo ndi intaneti. Sikatenga malo, sikasokosa, ndipo magetsi kamadya ochepa.

Inunso mukafuna kotere, funsani zinthu zitatu. Choyamba, RAM isachepere 8GB. Chachiwiri, mukhale SSD, osati hard disk yakale. Chomwe chinkatichedwetsa ife n'chimenechi. Chachitatu, ngati purosesa ndi Intel Core, ikhale ya m'badwo wa 8 kapena woposerapo, kuti ilole Windows 11. Paja Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Musaiwale kuti kalibe batire. Magetsi akathima, zomwe simunasunge zapita, choncho ikani pambali ndalama ya UPS. Funsaninso za Wi-Fi, chifukwa tina timabwera topanda.

Wogulitsa akakana kuti muyatse n'kuyesa, bwezani ndalama m'thumba. Ine ndinaphunzira n'talira kale.