Mafilimu a Zigawenga Omwe Ankadulidwa ndi Lumo

Kale kanema asanafike m'nyumba za anthu, ku France ndi ku America kunali mafilimu omwe sankatha tsiku limodzi. Munthu ankalipira pakhomo, n'kuonera chigawo chimodzi, kenako nkhani n'kuimira pomwe mtima wafika m'mwamba. Wofuna kudziwa mathero ake ankabweranso ndi ndalama ina, monga momwe sewero la pawailesi limasungira omvera mpaka sabata yamawa.

Mu 1913 kampani ya Gaumont ya ku Paris idatulutsa Fantômas, nkhani ya chigawenga chosintha nkhope chomwe wapolisi Juve ankachisaka osachigwira. Adaijambula ndi Louis Feuillade, yemwe mu 1915 adayambanso Les Vampires, zigawo 10 za gulu la mbava zausiku. Apolisi a ku Paris adayamba aletsa filimuyi kwa kanthawi, poona kuti ikuwanyozetsa.

Ku America ntchitoyi idasanduka malonda enieni. Dick Tracy wa kampani ya Republic, wa mu 1937, anali ndi zigawo 15, zotenga pafupifupi maola asanu. M'nkhaniyi zigawenga zimagwira Gordon, mbale wake wa wapolisiyo, n'kumuchita opaleshoni ya ubongo kuti asanduke mdani wa m'bale wake yemwe. Chaka chomwecho eni ake adatenga lumo, nadula filimuyo mpaka kutsala ola limodzi ndi mphindi zochepa, kuti aigulitsenso kunyumba za kanema zomwe sizinkafuna nkhani ya masabata 15.

Odulawo ankayamba ndi zosavuta: maina a osewera ndi mawu okumbutsa zomwe zidachitika sabata yatha. Kenako ankachotsa ndewu zobwerezabwereza. Koma lumo silinkaimira pomwepo. Chigawo chilichonse chinkatha ngwazi ili pangozi, galimoto ikugwera kuphompho, ndipo sabata yotsatira ankaonetsa kuti munthuyo adalumpha galimoto isanagwe. Chinyengo chimenechi chinkakoma chifukwa oonera ankakhala masiku asanu ndi awiri akukangana za momwe apulumukire. Akaphatikiza zigawozo, ngozi ndi chipulumutso zimangotsatizana, ndipo woonera sakhala ndi mpata ngakhale wochita mantha. Choipanso, m'nkhani yofufuza wolakwa, kuchotsa theka kumachotsa ndi mapazi omwe wapolisi ankatsata. Wakuba amagwidwa ndithu, koma oonera amatuluka osadziwa kuti wagwidwa bwanji.

Ena ankachita mwanzeru. The Return of Chandu wa mu 1934, momwe mudasewera Bela Lugosi, adamugawa pawiri: zigawo zinayi zoyamba filimu imodzi, zisanu ndi zitatu zotsalazo filimu ina. Mu 1966 Republic idadula mafilimu ake 26 kuti aonetsedwe pa TV, iliyonse mphindi 100, maina n'kusinthidwa. The Crimson Ghost adasanduka Cyclotrode X, moti wina akadatha kuonera kawiri osazindikira msanga.

Nkhani yomvetsa chisoni ndi ya The Perils of Pauline wa mu 1914, yemwe adatchukitsa Pearl White. Anali ndi zigawo 20, koma zomwe zidapulumuka ndi zigawo 9 zokha, zomwe kampani ya Pathé idadula n'kusokanso pofuna kuonetsa ku Ulaya. Mafilimu a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi nitrate, yemwe amayaka msanga ndiponso amaola akakhalitsa. Lipoti la Library of Congress la mu 2013 lidapeza kuti pa mafilimu 100 aliwonse aatali a ku America a nthawi yomwe kanema analibe mawu, pafupifupi 70 adatayikiratu.