Java: Anthu Ambiri, Minda Yocepa

Pa cilumba ca Java pamakhala anthu oposa theka la anthu onse a m'dziko la Indonesia. Motero m'midzi mabanja ambiri ali ndi munda wa mpunga wosakwana theka la hekitala, ndipo ena alibiretu.

M'midzi yambiri mfumu, imene amaicha lurah, imapatsidwa munda wa mudzi wochedwa bengkok. Ikacoka pa udindo, mundawo umabwerera ku mudzi.

Kale osowa minda anali kudalira mwambo wa bawon: amai anali kukolola mpunga wa anzao ndi kampeni, nalandira gawo la zokololazo. M'zaka za m'ma 1970 eni minda ambiri anayamba kugulitsa mpunga ukali m'munda, ndipo ogulawo analemba anchito owerengeka odula ndi mazenga. Amai ambiri anasowa pogwira.

Kusowa minda ndiko kumatulutsa anthu m'mudzi. Kuyambira mu 1905 boma linali kusamutsira mabanja ku Sumatra. Lero anyamata ndi atsikana amakafuna nchito ku Jakarta ndi ku Surabaya. Koma kusala kwa Ramadan kukatsala pang'ono kutha, amadzaza mabasi, masitima ndi njinga zamoto, kubwerera kwao kukapempha cikhululukiro kwa makolo ndi kuwasiyira kangacepe.