Msuzi wa Ufulu wa Anthu a ku Haiti

Mitundu yambiri ikafuna kukumbukira tsiku limene inalandira ufulu wodzilamulira imakweza mbendera, asilikali naguba, akuluakulu nalankhula pabwalo. Anthu a ku Haiti, amene makolo awo anachokera kuno ku Africa, amalemekeza koposa mbale ya msuzi wa maungu. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taona kumene anthuwa adzera.

Haiti ali pa chilumba cha Hispaniola, kum'mawa kwa Cuba. Kale dzikoli linali m'manja mwa Afalansa, amene ankalitcha Saint-Domingue. Iwo anatsegula minda yaikulu ya nzimbe ndi khofi, ndipo olima m'mindamo anali akapolo. Ambiri anatengedwa kumadzulo kwa Africa ndi ku Congo, koma ena anakwezedwa m'zombo pa madoko a ku Mozambique. Pofika chaka cha 1789 akapolo analipo pafupifupi 500,000.

Mu August 1791 akapolo aja anaukira ambuye awo, ndipo nkhondo inatha zaka 12. Mtsogoleri wawo womveka, Toussaint Louverture, anagwidwa mu 1802 natumizidwa ku France, kumene anafera m'ndende chaka chotsatira. Jean-Jacques Dessalines anapitiriza nkhondoyo, nagonjetsa asilikali a Napoleon pa Vertières pa 18 November 1803. Tsono pa 1 January 1804, mu mzinda wa Gonaïves, iye analengeza kuti dzikolo lili pa ufulu. Dzina la Afalansa lija analitaya, natenga la Haiti, limene eni nthaka oyamba, Ataíno, ankatchula chilumbacho.

Nanga maungu alowapo bwanji? Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti m'masiku a ukapolo msuzi umenewu unali wa ambuye okhaokha. Kapolo ndiye ankalima dzungu, kapolo ndiye ankaphika, kapolo yemweyo ndiye ankanyamula mbale kupita nayo patebulo, koma kulawako kunali koletsedwa. Chotero ufulu utafika, anthu anaphika msuzi womwewo m'miphika yaikulu, nadya poyera, nagawira aliyense wodutsa. M'chinenero chawo cha Kreyòl amautcha soup joumou, pakuti joumou ndilo dzungu.

Kaphikidwe kake nkotere. Nyama ya ng'ombe amaitsuka ndi mandimu, naithira adyo ndi tsabola. Maungu amawaphika kufikira atafewa, nawasinja kuti msuzi ukhale wolemera ndi wachikasu. Kenaka amaikamo kabichi, karoti, mbatata ya kachewere ndi makaroni. Ntchitoyi amaiyamba usiku wa 31 December kapena m'bandakucha, ndipo kukacha ana amatumidwa ndi mbale kwa achibale ndi kwa anansi. Paja akulu anati kupatsa nkuika: mbale yopita ndi msuzi imabwerera ndi msuzi wa kwina.

Ufulu wa Haiti unadula kawiri. Mu 1825 mfumu ya ku France, Charles X, inalamula kuti Haiti alipire ndalama zokwana mafulanki 150 miliyoni chifukwa cha minda ndi akapolo amene Afalansa anataya. Ngongoleyi inasaukitsa dzikolo zaka zambirimbiri. Pambuyo pake ulamuliro wankhanza wa banja la Duvalier, kuyambira 1957 kufikira 1986, ndi chivomezi cha mu January 2010 zinathamangitsira anthu ambiri kunja. Lero Ahaiti ali ku Miami, ku New York, ku Montreal ndi ku Paris.

Kumeneko ndiko msuzi uja umagwira ntchito yake yaikulu. Mwana wobadwira ku Montreal akhoza kukula osaona munda wa nzimbe, ndipo Kreyòl chake chikhoza kukhala chopereŵera. Koma pa 1 January, kunja kukuzizira koopsa, iye amafunsa chifukwa chimene banja lonse likudyera chakudya chimodzi, ndipo agogo ake amamuuza za Vertières ndi Gonaïves. Mbiri imene sakanaiphunzira kusukulu amailandira pamodzi ndi supuni. Mu December 2021 bungwe la UNESCO linalemba msuziwu m'kaundula wa miyambo yoyenera kusungidwa pa dziko lonse.

Anzanga, ife timaloweza zaka ndi maina kuti tikhoze mayeso, ndipo mayeso akatha zambiri zimatithaŵa. Ahaiti asunga tsiku lawo zaka zoposa 200 chifukwa analiika mumphika, pamene ngakhale mwana wosadziŵa kuŵerenga amalipeza.